Intaneti Yaulere M'malo a Anthu Onse: Kodi Makhonsolo a Petauke ndi Nyimba Angaikwanitse?

Kuyambira pamene ndalama za citukuko ca m'madera a aphungu, zochedwa CDF, zinakwezedwa mu 2022, makhonsolo a m'dziko muno akhala ndi mphamvu yogula zinthu zimene kale sankazilota n'komwe. Pa nthawi imodzimodziyo, nchito zambiri za boma zasamukira pa intaneti. Zinthu ziwirizi zadzutsa funso limene likukhudza maboma a kumidzi monga Petauke ndi Nyimba. Kodi khonsolo ingaike intaneti yaulere pa msika, pa siteshoni ya mabasi ndi pa cipatala, monga mmene imaikira mpope wa madzi kapena nyali za mumsewu?

Yankho lalifupi n'lakuti ingathe. Zipangizo zilipo ndipo mtengo wake watsika. Koma zimene zacitika m'maiko ena zikuonetsa kuti kugula ndi kukhoma zipangizo ndiyo mbali yopepuka. Mbali yolemera ndiyo kulipira mwezi ndi mwezi, kupeza magetsi osazimazima ndi kusunga munthu wodziwa kukonza zikaonongeka. Intaneti imene munthu wa pamsika amaichula kuti yaulere imakhala kuti wina wailipira, ndipo winayo akaleka, imazima.

Kodi Wi-Fi n'ciani?

Wi-Fi ndi njira imene foni kapena kompyuta imalandirira intaneti popanda nthambo, kucokera ku kabokosi kochedwa rauta. Kabokosi kameneka kamatumiza mafunde ofanana ndi amene amabweretsa mau pa wailesi, koma ake ndi ofooka ndipo safika patali. Pabwalo popanda cochinga, rauta imodzi yabwino imafika mamita pafupifupi 100. Zipupa, malata ndi mitengo zimafupikitsa mtunda umenewu.

Anthu ambiri amasokoneza Wi-Fi ndi bandulo ya m'foni. Bandulo imadzera pa nsanja za makampani a lamya monga MTN, Airtel ndi Zamtel. Nsanja imodzi imafika makilomita angapo, ndipo wolipira ndi mwini foni. Pa Wi-Fi, wolipira ndi mwini rauta, ndipo iye ndiye asankha amene angalowepo ndi kuculuka kwa zimene angagwiritse nchito.

Rauta ili ngati mpope. Mpope wopanda paipi yobweretsa madzi ndi citsulo cabe. Intaneti imafika pa rauta m'njira zitatu. Yoyamba ndi nthambo za faiba, zimene zimanyamula uthenga woculuka kwambiri koma kuziyala kumadya ndalama zambiri. Yaciwiri ndi nsanja za makampani a lamya. Yacitatu ndi setilaiti, imene imafuna kambale koyang'ana kumwamba. Matauni a Nyimba ndi Petauke ali ndi mwai cifukwa ali m'mbali mwa msewu wa Great East, umene nthambo zopita ku Chipata ndi ku malire a Mwami zimatsata. Midzi ya kutali ndi msewu, makamaka ya m'cigwa ca Luangwa, imadalira nsanja kapena setilaiti.

Cifukwa cake nkhaniyi yakula

Zaka makumi awiri zapitazo, intaneti inkaoneka ngati cinthu ca ophunzira a ku Lusaka ndi ku Copperbelt. Lero yalowa m'zinthu zimene mlimi, wamalonda ndi mwana wa sukulu sangazilambalale.

Kuyambira mu 2015, boma linayamba kupereka feteleza ndi mbeu za pulogalamu ya FISP kudzera m'njira ya e-voucher, imene imafuna kuti dzina la mlimi likhale m'makina ndipo wogulitsa akhale wolumikizidwa. Kulembetsa kampani ku PACRA, kutenga nambala ya msonkho ku ZRA, kulipira msonkho wa galimoto ku RTSA ndi kufunsira ngongole ya maphunziro apamwamba, zonsezi zingacitike pa intaneti. Kalabu ya amai kapena ya acinyamata imene ifuna thandizo la CDF iyenera kukhala yolembetsedwa mwalamulo. Amene ali ndi intaneti amamaliza zambiri ali pa mpando. Amene alibe amalipira basi, kapena amalipira wina kuti awacitire.

Mtunda ndi umene umapweteka. Petauke ili pa makilomita pafupifupi 400 kucokera ku Lusaka. Munthu wocokera kwa Mfumu Luembe kapena kwa Mfumu Nyalugwe angathe tsiku lonse paulendo wongofika pa boma la Nyimba, makamaka m'dzinja.

Kafukufuku wa bungwe la ZICTA wa mu 2022 anapeza kuti anthu 25 pa 100 alionse m'dziko muno ndiwo anali atagwiritsapo nchito intaneti. Mu 2018 anali 14 pa 100 alionse. Ciwerengeroci cinakwera, komabe cionetsa kuti panthawiyo anthu atatu mwa anai alionse anali akali kunja, ndipo oculuka mwa iwo anali a kumidzi.

Kumene tacokera

Zambia siinayambe mocedwa. Mu 1994, kampani ya ZAMNET, imene inabadwira pa University of Zambia, inalumikiza dziko lino ku intaneti pamene maiko ambiri a kuno ku Africa anali asanayambe. Koma kwa zaka zambiri mwai umenewu unali wa m'mizinda ya m'mbali mwa njanji.

Lamulo la mu 2009 linakhazikitsa bungwe la ZICTA m'malo mwa Communications Authority, ndipo linaika thumba lapadera lothandiza kufikitsa lamya ndi intaneti kumalo kumene makampani saonako phindu. Mu 2017 boma linayambitsa nchito yomanga nsanja 1,009 ndi ngongole yocokera ku China. Mu 2021 kunakhazikitsidwa unduna wa sayansi ndi luso lamakono, ndipo a Felix Mutati anasankhidwa kukhala nduna yake. M'caka comweco Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loyendetsera nchito za boma pa makina, limene linapatsa bungwe la Smart Zambia udindo wotsogolera nchitoyi.

Kusintha kwakukulu kwa anthu a kumidzi kunabwera mu October 2023, pamene kampani ya Starlink inayamba kugulitsa intaneti ya setilaiti m'dziko muno. Masetilaiti ake amauluka pa mtunda wa makilomita pafupifupi 550 kucokera pansi, ndipo kambale kake kangaikidwe paliponse pamene thambo likuoneka bwino. Pambuyo pake boma linagula zipangizo zimenezi n'kuziika m'malo monga mapositi ofesi ndi malo ophunzitsira acinyamata. Linayambitsanso Wi-Fi yaulere yochedwa ZamFree m'malo odzaza anthu, monga siteshoni ya Intercity ku Lusaka, siteshoni ya ku Kapiri Mposhi ndi msika wa Chisokone ku Kitwe.

Zonsezi zinacokera ku boma lalikulu. Funso latsopano n'lakuti makhonsolo, amene ali pafupi ndi anthu, angaciteko ciani paokha.

Mphamvu za khonsolo ndi thumba la CDF

Khonsolo siipereka ziphaso za lamya kapena za intaneti. Imeneyo ndi nchito ya ZICTA. Cimene khonsolo ingacite ndi kugula intaneti kwa kampani yokhala ndi ciphaso, n'kuigawira anthu pa malo ake. Malo ili nawo. Lamulo la misika ndi masiteshoni a mabasi la mu 2007 linaika malo amenewa m'manja mwa makhonsolo. Palinso maholo, maofesi ndi mabwalo a masewera.

Ndalama zazikulu zimene khonsolo ya kumudzi imagwira lero ndi za CDF. Thumbali linayamba mu 1995, ndipo pofika mu 2021 dera lililonse la phungu linkalandira K1.6 miliyoni pa caka. Mu 2022 ndalamazi zinafika pa K25.7 miliyoni, mu 2023 pa K28.3 miliyoni, mu 2024 pa K30.6 miliyoni, ndipo mu 2025 pa K36.1 miliyoni. M'zaka zimenezi boma la Petauke linali ndi madera awiri a aphungu, Petauke Central ndi Kaumbwe, pamene boma la Nyimba linali ndi dera limodzi.

Malangizo a mu 2022 anagawa ndalamazi motere. Atacotsapo 5 peresenti ya kayendetsedwe ka nchito, 60 peresenti ya zotsala inapita ku zitukuko za anthu onse, 20 peresenti ku ngongole ndi thandizo la acinyamata ndi amai, ndipo 20 peresenti ku malipiro a ana a m'sukulu zogonera komweko ndi a maphunziro a luso la manja.

Citukuko ca CDF siciyambira mu ofesi ya phungu. Cimayambira pa msonkhano wa anthu, n'kupita ku komiti ya citukuko ya wodi, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la maboma aang'ono la mu 2019. Kucoka apo cimapita ku komiti ya CDF ya dera lonse, kenaka kwa akuluakulu ovomereza. Conco ngati anthu a wodi ina aona kuti intaneti pa msika wao ndi yofunika, njira yoipemphera ilipo kale.

Komabe pa msonkhano womwewo padzakhala wina wopempha mjigo, wina cipinda ca amai oyembekezera, wina madesiki, pakuti maphunziro aulere amene anayamba mu 2022 anadzaza makalasi. Mai amene amatunga madzi pa dambo ali ndi cifukwa comveka cofunsira kuti intaneti ibwere patsogolo pa madzi bwanji. Ofuna intaneti ayenera kuyankha funso limeneli poonetsa nchito yeniyeni imene idzagwire, ndi ndalama zimene idzapulumutse.

Mtengo umene suoneka pa tsiku lotsegulira

Tiyeni titenge citsanzo ca mitengo imene Starlink inayamba nayo mu 2023. Zipangizo za panyumba zinali pa K10,744, ndipo malipiro a pamwezi anali K771. Pakutha pa miyezi 14, malipiro a pamwezi anali atapitirira mtengo wa zipangizozo. Umenewu unali mtengo wa banja limodzi. Malo olandira anthu mazana pa tsiku amafuna mgwirizano wa mtengo wokwererapo, marauta angapo olimba mvula ndi dzuwa, ndiponso makina ogawira aliyense gawo lake.

Kugawa kumeneku n'kofunika. Intaneti yofika pa malo amodzi ili ndi malire, monga mmene paipi imodzi ilili. Anthu khumi akayamba kuonera makanema, ena makumi asanu amalephera ngakhale kutsegula kalata. N'cifukwa cake mizinda yambiri imaika malire a tsiku ndi tsiku pa foni iliyonse.

CDF yazolowereka kumanga ndi kugula zinthu zooneka ndi maso. Kalasi ikamangidwa imaima zaka zambiri ngakhale osaipenta. Intaneti ikapanda kulipiridwa mwezi umodzi, kampani imadula. Bilu imeneyi ifunika mzere wakewake mu bajeti ya khonsolo, ndipo ndalama zimene khonsolo ya kumudzi imatolera payokha, monga msonkho wa pamsika, wa nyumba ndi wa malaisensi a malonda, n'zocepa poyerekeza ndi zofunika zake. Akale anati walira mvula walira matope. Wopempha intaneti wapemphanso bilu yake.

Pali njira zimene zayesedwa m'malo osiyanasiyana pofuna kupeputsa katunduyu. Ena amapereka gawo loyamba mwaulere, wofuna zambiri n'kugula. Ena amalola amalonda kulengeza katundu wao pa tsamba lolowera. Ena amagwirizana ndi kampani kuti iike zipangizo zake pa nyumba za khonsolo popanda lendi, iyo n'kupereka intaneti. Njira iliyonse ifuna mgwirizano wolembedwa bwino ndi woonekera poyera, wotsata lamulo la kagulidwe ka zinthu za boma.

Popanda magetsi palibe Wi-Fi

Caka ca 2024 cinapereka phunziro lowawa. Pa 29 February, mtsogoleri wa dziko a Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ndi ngozi yogwera dziko lonse. Madzi anatsika m'nyanja ya Kariba, ndipo pofika mu September magetsi ankazima maola oposa 20 pa tsiku m'malo ambiri. Nsanja za lamya zinavutika cifukwa mabatire ake sanapangidwe kuti agwire nthawi yaitali cotero, ndipo mafuta a majenereta anadya ndalama zambiri.

Kambale ka setilaiti pamodzi ndi rauta yake kamadya mawati apakati pa 50 ndi 100. Ndi mphamvu yocepa, koma ifunika usana ndi usiku. Conco malo a Wi-Fi ya anthu onse ku Petauke kapena ku Nyimba ayenera kukhala ndi sola ndi mabatire kuyambira paciyambi. Mabatire amatha pakapita zaka zingapo ndipo amafuna kugulidwanso. Amakopanso akuba. M'dzinja mphezi imaocha zipangizo zimene sizinachinjirizidwe bwino. Zonsezi ziyenera kuwerengeredwa ndalama zisanatuluke.

Zimene zinacitika kwina

Ku South Africa, mzinda wa Tshwane, kumene kuli Pretoria, unayamba kupereka Wi-Fi yaulere mu November 2013 mogwirizana ndi bungwe la Project Isizwe. Malo oyamba anali pafupi ndi masukulu ndi m'makomboni a anthu osauka. Poyamba foni iliyonse inkalandira mamegabaiti 250 pa tsiku, kenaka 500. Malowo anaculuka kufika pa mazanamazana, ndipo ana a sukulu ndi ofuna nchito anapindula. Koma pambuyo pa masankho a mu 2016 panabuka mikangano pa mtengo wake ndi pa njira imene ndalama zinkaperekedwera, ndipo mgwirizanowo unatha mu 2018. Phunziro lake n'lakuti nchito imene yamangidwa pa dzina la mtsogoleri mmodzi imagwedezeka utsogoleri ukasintha.

Ku America, mzinda wa Philadelphia unalengeza mu 2004 kuti udzafunditsa mzinda wonse ndi Wi-Fi. Nchitoyi inapatsidwa kwa kampani ya EarthLink, imene inkayembekezera kubweza ndalama zake kwa olembetsa. Zipangizo zofunika zinaculuka kuposa mmene anawerengera, olembetsa anacepa, ndipo mu 2008 kampaniyo inacoka. Ngati mzinda wolemera cotero unalephera kufikira nyumba iliyonse, khonsolo ya kumudzi iyenera kusankha malo ocepa amene ingawasamale.

Maiko a European Union anatenga njira ina kuyambira mu 2018. Khonsolo iliyonse yosankhidwa inapatsidwa mayuro 15,000 ogulira ndi kukhomera zipangizo, koma inayenera kulonjeza kuti idzalipira intaneti ndi kukonza zoonongeka kwa zaka zosacepera zitatu. Funso la amene adzalipira linayankhidwa ndalama zisanaperekedwe.

Anansi athu a ku Malawi anatsegula Wi-Fi yaulere mu 2021 m'malo monga misika, zipatala, masukulu ndi mabwalo a ndege, ndi thandizo la World Bank. Ku Kenya boma linayamba kuika Wi-Fi m'misika mu 2022, kuyambira ku Nairobi. M'maiko onsewa, misika ndi malo odikirira ndiwo anaikidwa patsogolo.

Citsanzo capafupi cili kwathu konkuno. Ku Macha, m'boma la Choma, intaneti ya setilaiti inafika pa cipatala ca mishoni ca m'ma 2004, ndipo inagawidwa ku nyumba ndi masukulu ozungulira popanda nthambo. Magetsi ankavuta ndipo zipangizo zinkapsa, koma nchitoyo inapitirira cifukwa acinyamata a m'mudzimo anaphunzitsidwa kukhoma ndi kukonza. Sanadikire katswiri wocokera ku Lusaka.

Malo oyenera ndi ati?

Kalembera wa mu 2022 anapeza anthu oposa 250,000 m'boma la Petauke ndi oposa 130,000 m'boma la Nyimba. Boma la Nyimba lokha ndi lalikulu masikweya kilomita oposa 10,000, ndipo mbali yaikulu ndi mapiri ndi nkhalango. Rauta yofika mamita 100 mbali zonse imafunditsa mahekitala atatu okha, kukula kwa munda wa banja limodzi. Palibe khonsolo imene ingafunditse boma lonse mwa njira imeneyi. Nzeru ndiyo kuika intaneti pamene anthu amasonkhana kale.

Ku Nyimba, malo oimapo mabasi a pakati pa Lusaka ndi Chipata, pamene amai amagulitsa nthoci, amadzaza kuyambira m'mawa. Ku Petauke kuli msika waukulu, siteshoni ndi mphambano yopatukira ku boma. Kuli zipatala monga Kalindawalo, Minga ndi ca boma ca Nyimba, kumene odikirira odwala amakhala masiku ambiri ndipo amafuna kulankhula ndi abale. Kuli malo ogulitsira cimanga, nshawa ndi thonje, kumene mlimi wodziwa mtengo wa ku Lusaka sanyengedwa msanga.

Kwa anthu a kutali ndi tauni, malo oyenera ndi sukulu, kiliniki ndi likulu la mfumu, kaya kwa Mfumu Yaikulu Kalindawalo, kwa Mumbi, kwa Mwanjawanthu, kwa Ndake kapena kwa Mwape. Pa sukulu kapena pa kiliniki pamakhala denga, mlonda ndi munthu woyankha mafunso. Kambale kamodzi kangatumikire aphunzitsi ndi anamwino masana, anthu a m'mudzi n'kumalowapo madzulo ndi pa masiku opuma. Ndalama imodzi ikagwira nchito ziwiri, n'kosavuta kuiteteza pamaso pa amene afuna mjigo.

Malo akhalenso oti munthu angakhalepo. Pafunika mthunzi, pokhala, nyali ndi pochajira foni. Mtsikana sangapite usiku kukaima pa mdima kuseri kwa ofesi ya khonsolo, ngakhale intaneti ikhale yothamanga bwanji.

Amene angatsalire

Wi-Fi yaulere imathandiza amene ali kale ndi foni yamakono. Tumafoni tambiri ta mabatani, timene tili m'matumba a anthu oculuka kumudzi, sitilandira Wi-Fi. M'mabanja ambiri foni yamakono ndi imodzi ndipo imayenda ndi bambo. Masamba ambiri a boma ali m'Cingerezi, osati m'Cinyanja kapena m'Cinsenga. Ngati izi sizinaganiziridwe, ndalama za anthu onse zidzathandiza ocepa amene ali kale patsogolo.

Dziko lino linaonapo zotere. Mu 2015, pa mayeso oyamba a kompyuta a Giredi 9, ana a m'masukulu ena analemba mpaka usiku cifukwa makompyuta anali ocepa ndipo magetsi ankazima. Phunzirolo linalamulidwa zipangizo zisanafike. Intaneti nayonso ifuna zinzake: makompyuta ocepa a anthu onse mu holo kapena mu laibulale, makina osindikizira mapepala, ndi wacinyamata wophunzitsidwa amene angathandize nkhalamba kudzaza fomu. Gawo la CDF la maphunziro a luso lingathe kuphunzitsa acinyamata otere.

Kudzichinjiriza

Pa Wi-Fi ya anthu onse mumalowa aliyense, wabwino ndi woipa. Wakuba angatsegule Wi-Fi yake ya dzina lofanana ndi la khonsolo kuti akole osadziwa. Conco dzina lenileni liyenera kulembedwa pa cikwangwani coonekera. Wi-Fi yeniyeni siifunsa nambala yacinsinsi ya akaunti ya ndalama ya m'foni kapena ya ku banki. Tsamba lililonse lofunsa nambala imeneyi ndi msampha. Nambala za foni zimene zimatumiza mauthenga acinyengo zinganenedwe ku ZICTA poimba *707#.

Khonsolo nayo ili ndi udindo. Ikatenga maina ndi manambala a olowa, lamulo loteteza mbiri ya munthu la mu 2021 limaikakamiza kusunga zimenezi mosamala ndi kuzigwiritsa nchito pa colinga cimene inazitengera. Anthu ali ndi ufulu wodziwa zimene zikusungidwa, amene angazione ndi utali wa nthawi yosungira. Wi-Fi ya pa sukulu iyeneranso kutsekereza masamba osayenera ana. Malamulo a milandu ya pa intaneti, amene anakonzedwanso mu 2025, amagwira nchito pa Wi-Fi yaulere monga mmene amagwirira pa bandulo yogula.

Zofunsa pa msonkhano wa wodi

Nkhani ya intaneti yaulere ikafika pa msonkhano wa wodi kapena m'kampeni ya wofuna mpando, omvera athu angafunse mafunso ocepa koma olunjika. Ndani adzalipira bilu ya pamwezi, ndipo ndalamazo zalembedwa pati mu bajeti? Mgwirizano ndi kampani ndi wa zaka zingati, ndipo anthu angauone? Kodi sola ndi mabatire zawerengeredwa? Zikaonongeka, wokonza akhala kuti ndipo afika pakapita masiku angati? Foni iliyonse idzalandira zoculuka bwanji pa tsiku? Nanga amene alibe foni yamakono athandizidwa motani?

Khansala, mlembi wa khonsolo ndi a komiti ya CDF ayenera kukhala ndi mayankho a mafunso amenewa riboni isanadulidwe. Ndi bwino kuyamba ndi malo awiri kapena atatu, kuwerenga anthu olowapo mwezi ndi mwezi, kulengeza ziwerengerozo poyera, n'kuonjezera malo ena pokhapokha oyambawo atatha caka cathunthu akugwira nchito. Mbiri ya Tshwane ndi ya Philadelphia ionetsa kuti mavuto saoneka pa tsiku lotsegulira. Amaoneka m'caka caciwiri ndi cacitatu, pamene mabatire afooka, bilu yaunjikana ndipo amene anayambitsa nchitoyo acoka pa mpando.